Chiemi Atsika Pangolo

Miyezi itatu inatha mayi ndi mwana akudyera patebulo limodzi osayankhulana china kupatula za nyengo ndi tsiku lotaya zinyalala. Kenako Lamlungu lina la mwezi wa Juni, Mayi Enomoto ananena kuti akufuna kukaona maluwa a ajisai ku Kamakura. Ananena zimenezi atayang'ana kumbali, akupukuta kapu imene inali youma kale. Anati chimwalirire bambo ake a Chiemi sanapondeko, ndipo mawondo awo sangawalole kupita okha.

Chiemi anavomera iwo asanamalize n'komwe. Ku Kamakura n'kumene kunali Ippei Sawaguchi, mwamuna amene anabweretsa chete yense uja m'nyumbamo. Ippei ankakoka ngolo ya alendo, ija ya mawilo awiri ataliatali imene munthu amalowa pakati pa mitengo yake n'kumathamanga nayo. Tsiku limene Chiemi anaulula za iye, mayi ake anaika pansi timitengo todyera mwaulemu kwambiri, n'kunena kuti sanalere mwana zaka makumi awiri ndi zisanu ndi zinayi kuti akakwatiwe ndi munthu wogwira ntchito ya hatchi. Kuyambira tsiku limenelo dzina la Ippei silinatchulidwenso.

Ndiye poti lero eni ake atchula Kamakura ndi pakamwa pawo, Chiemi anaganiza kuti mtima wawo wayamba kufewa. Ngakhale pamene anamuuza kuti avule buluku n'kuvala diresi ya buluu ija ndi nsapato zazitali, iye sanakayike kanthu. Anangoti mumtima, akufuna ndikaoneke bwino pamaso pa mkamwini wawo.

M'sitima yochokera ku Yokohama, mayi ake atatsinzina, analembera Ippei uthenga: "Tikubwera kwanuko ndi amayi. Ukationa udzawerame bwinobwino. Mwina lero ndi tsiku lake."

Yankho silinachedwe: "Ndikanadziwa ndikanameta ndevu kawiri. Ndili ndi alendo awiri 11 koloko, andifuna ineyo ndi dzina. Ndikawatula ndikupeza."

Chiemi anamwetulira yekha mpaka sitima inalowa m'ngalande ya pansi pa phiri.

* * *

Kukachisi wa Hachimangu kunali anthu osati masewera. Mvula ya m'mamawa inali itasiya miyala ikunyezimira, ndipo pabwalo panali ukwati, mkwatibwi ali mbee ndi zovala zoyera, zitoliro zikulira mokoka. Mayi Enomoto anaonerera ukwatiwo kanthawi, kenako anayang'ana wotchi yawo. Posakhalitsa anaiyang'ananso.

Pamenepo panatulukira bambo wina wa jekete lotuwa, kamera ikulendewera pachifuwa, ambulera yopinda bwino ili m'manja. Anawerama n'kunena kuti zoonadi mapiri okha ndiwo sakumana. Mayi Enomoto anagwira pakamwa modabwa, koma kudabwa kwake kunali kochita kukonzekera.

Chiemi anaidziwa nkhopeyo. Inakhala miyezi iwiri pachithunzi, pamwamba pa kabati ya nsapato, pamodzi ndi pepala la mbiri yake yonse: a Tsujimoto, dokotala wa mano, zaka makumi atatu ndi zisanu ndi zitatu, chipatala chawochawo, sasuta, samwa. Mayi ake ankaika chithunzicho pamalo poti aliyense wovala nsapato achione. Chiemi ankachitembenuza chafufumimba m'mawa uliwonse, madzulo n'kuchipeza chatembenukanso.

Chiemi anawerama pang'ono, kungokwaniritsa mwambo.

Onse atatu anakwera masitepe aatali a kachisiyo. Mawondo a Mayi Enomoto sanadandaule ngakhale kamodzi. Pamwamba anaponya tindalama m'bokosi, kuomba m'manja ndi kupemphera, kenako a Tsujimoto anati achite maere a tipepala tolosera. Iwo linawagwera la mwayi waukulu, ndipo analiwerenga mokweza mpaka pamene linkanena kuti amene ukumuyembekezera wafika. La Chiemi linali la tsoka. Mayi ake anamuuza kuti akalimange pachingwe monga amachitira aliyense, kuti tsokalo litsale pakachisi pomwepo.

"Tsoka langa ndi langa," anatero Chiemi, akulipinda n'kuliika m'kachikwama. "Ndiyenda nalo."

A Tsujimoto anaseka ngati amva nthabwala yabwino. Mayi Enomoto sanaseke.

* * *

Atatsika n'kutuluka pachipata chachikulu chofiira, a Tsujimoto ananena kuti anakonzeratu ngolo yoti iwatengere ku Hase kumene kuli maluwa. Tsoka ilo, ngolo imakwana anthu awiri okha. Mayi Enomoto anafulumira kunena kuti palibe vuto, iwo akwera kasitima, poti mawondo awo sangathe kukwera chinthu chachitali choncho.

Chiemi anayang'ana tsidya la msewu kumene kumaima ngolo, ndipo anamuona. Ippei anali ataima pafupi ndi ngolo yake yakuda, malaya akuda othina, kansalu koyera kali pamutu, miyendo yopsa ndi dzuwa. M'manja anali ndi kachikwangwani kolembedwa dzina la mlendo wake wa 11 koloko. Dzinalo linali la a Tsujimoto.

Atamuona Chiemi, nkhope ya Ippei inawala. Kenako anaona mayi aja, anaona bambo wa jekete amene anali atagwira chigongono cha Chiemi powoloka msewu, anayang'ananso kachikwangwani kake. Kuwala kuja kunazima pang'onopang'ono, osati kamodzi. Anzake atatu a ngolo, amene ankamudziwa bwino Chiemi, anayamba kupukuta mawilo amene analibe fumbi.

Mayi Enomoto anamuyang'ana Ippei kuyambira kumutu mpaka kunsapato zake za mphanda, n'kumuuza mokoma kuti amva kuti iye ndiye wamphamvu kuposa onse pamenepo, ndiye awasamalire bwino ana awowa, poti lero ndi tsiku lofunika kwa iwo.

Chiemi anatsegula pakamwa kuti akane, koma Ippei anamutsogolera. Anawerama mozama, anaika kampando kopondera pansi, n'kutambasula dzanja monga amachitira kwa mlendo aliyense.

"Kwerani, mayi. Pondani apa, mugwire apo."

Chaka chathunthu ndi theka anali asanamutchulepo "inu". Mawuwo anamulasa Chiemi kuposa zonse zimene mayi ake anakonza. Anakwera ngati munthu wolota. A Tsujimoto anakhala pambali pake, phewa kukhudza phewa, ndipo Ippei anawafunditsa onse awiri bulangete limodzi lofiira m'miyendo, osakweza maso.

* * *

Ngolo inanyamuka. Kuchokera pampando, Chiemi ankangoona msana wa Ippei ndi thukuta likuyamba kudetsa malaya pakati pa mapewa. Ippei ankafotokoza za misewu ndi nyumba zakale ndi mawu ake a pantchito, osalala, opanda kolakwika.

A Tsujimoto anali ndi mafunso ambiri. Anafunsa kuti ali ndi zaka zingati, ndipo atamva kuti makumi atatu ndi ziwiri, anagwedeza mutu ngati dokotala amene waona dzino lobooka. Anafunsa kuti ntchito yotereyi munthu amaigwira mpaka liti, nanga mawondo akatha amapita kuti, nanga mvula ikagwa sabata yathunthu amadya chiyani. Ippei anayankha lililonse mwaulemu, akuthamangabe. Atafika panyumba ina yakale ya matabwa, a Tsujimoto anamuimitsa, kumupatsa kamera, n'kumuuza kuti awajambule awiriwo, koma ayesetse kuti chithunzicho chikhale chabwino chifukwa mwina chidzafunika paukwati.

Ippei anatsitsa mitengo ya ngolo pansi, anabwerera m'mbuyo masitepe atatu n'kukweza kamera. Anawauza kuti amwetulire.

Chiemi anachotsa bulangete lija, kulipinda kanayi, n'kuliika pamiyendo ya a Tsujimoto. Sanadikire kampando. Analumpha, nsapato imodzi n'kupindika, koma anaima.

"A Tsujimoto, munthu amene mukumutuma kujambulayu ndi amene ndidzakwatiwe naye. Pepani kuti amayi akuvutitsani ulendo wonsewu pachabe."

Ankayembekezera kuti bamboyo achita manyazi. Koma a Tsujimoto anangokonza magalasi awo.

"Ndikudziwa. Amayi anu anandiuza zonse. Ndinafuna ndimuone ndi maso anga, ndipo ndamuona." Anatembenukira kwa Ippei. "Ulendo wathu unali wokafika ku Hase, si choncho? Tiyeni, achimwene. Ine sindinatsike."

Ippei anabweza kamera, analowa pakati pa mitengo n'kunyamula. Chiemi anaima pambali pake, n'kugwira mtengo wakumanja ndi dzanja lake.

"Chotsa dzanja," ananong'oneza Ippei, maso ali kutsogolo. "Upendeketsa ngolo."

"Ipendekeke."

"Chiemi, ndili pantchito."

"Bola wakumbukira dzina langa."

Anayenda choncho msewu wonse wa ku Hase, wokoka ngolo, mkazi wa diresi ya buluu atagwira mtengo, ndi dokotala ali yekha pamwamba atakumbatira bulangete. Ippei sanathamangenso, ankayenda liwiro la nsapato za Chiemi. Anthu a m'masitolo ankatuluka kudzaona. Agogo ena ogulitsa makeke a nyemba anafunsa ngati akujambula filimu. Pofika pakati pa njira chidendene cha Chiemi chinali chitatupa matuza, ndipo anavula nsapato zonse ziwiri n'kuzinyamula kudzanja linalo. Mtengo uja sanausiye mpaka pachipata cha kachisi wa ku Hase.

* * *

Mayi Enomoto anali atafika kale, matikiti atatu ali m'manja. Anaona mapazi a mwana wawo, masokosi aatali atang'ambika, n'kumvetsa zonse. Anamwetulira kwa a Tsujimoto, kuwapempha kuti atsogole akaone chifanizo chachikulu chagolide cha m'kachisimo, kenako anamugwira Chiemi pamkono mwamphamvu n'kumukokera kunjira ya maluwa. Ippei anali atatembenuza kale ngolo yake n'kupita osatsanzika.

Njira ya maluwayo imakwera phiri mokhotakhota, ndipo anthu amayenda pamzere umodzi, wina pambuyo pa mnzake. Panalibe pokalipirana. Choncho anakangana motsitsa mawu, nkhope zikumwetulira, ajisai abuluu ndi ofiirira akuwakhudza m'mapewa.

Mayi ake anati wawachititsa manyazi pamaso pa tauni yonse. Chiemi anati manyaziwo anawaphika okha, iye wangowapakulira. Mayi ake anati munthu amene amamukondadi sakanalola kuti ayende wopanda nsapato pamsewu. Chiemi anati munthu amene amamukondadi sakanamukweza pangolo ija.

Atafika pamwamba, pamene nyanja imaonekera yonse ndi madenga a Kamakura ali m'munsi, Mayi Enomoto anaima kuti apume. Kumwetulira kuja kunali kutachoka.

"Iwe agogo ako aamuna sunawaone. Ankanyamula matumba kudoko. Ali ndi zaka makumi anayi msana unathyoka, ndipo amayi anga anawasambitsa ndi kuwatembenuza pamphasa zaka khumi ndi zisanu ndi chimodzi. Ine ndinkataya mtsuko wa mikodzo ndisanapite kusukulu. Ndinalumbira kuti mwana wanga sadzadya thukuta la msana wa munthu. Ukuona ngati ndimadana naye? Sindikumudziwa n'komwe. Ndikudziwa msana."

Chiemi anali asanamvepo nkhani imeneyi. Kwa kanthawi anafuna kuwagwira dzanja. Koma anakumbukira msana wina, wonyowa ndi thukuta, ukukoka munthu amene ankaufunsa kuti udzatha liti.

"Mukanandiuza zimenezi kunyumba, Amayi, ndikanalira nanu. Koma inu mwasankha kumukweza mtolo pamaso pa anzake kuti ine ndinyansidwe naye. Sindinanyansidwe. Msana wake ukadzathyoka ndidzamutembenuza ndine, ndipo sindidzakutumani mtsuko."

"Ukatsika phiri lino wekha, usaganize kuti nkhani yatha."

"Sindikuganiza choncho."

Anavala nsapato zake pamatuza pomwepo, n'kutsika.

* * *

Pasiteshoni ya Hase anagula zomata pamabala ndi nkhwaira zotchipa, kenako anakhala pabenchi n'kumuimbira Ippei. Foni inaitana mpaka kuduka. Anaimbanso. Kachitatu kunabwera uthenga.

"Unadziwa?"

Chiemi anawerenga liwu limodzilo kangapo, magazi akumukwera kumutu. Analemba zambiri, kuzifufuta, n'kulembanso: "Ndayenda msewu wonse uja wopanda nsapato kuti undifunse zimenezo?"

"Unandiuza kuti ndiwerame bwinobwino. Ndawerama."

"Ndimaganiza kuti akubwera kudzakuona."

"Andiona."

Panapita mphindi zingapo. Kenako Ippei analembanso kuti abwana amva kale, chifukwa wina anajambula n'kuika pa intaneti, ndipo anzake akumutchula kuti mkamwini wa pamsewu. Anati iye akanatha kupirira ola limodzi lija mwakachetechete, n'kutuluka ndi ulemu wake, koma tsopano tauni yonse ikudziwa kuti anakoka mwamuna wofunsira chibwenzi chake.

Chiemi sanapepese. Analemba kuti ulemu umene umafuna iye akhale chete pansi pa bulangete limodzi ndi mwamuna wina, iye sakuufuna. Anati akupita ku Enoshima, kumiyala ya kuseri kwa chilumba kumene anadyera limodzi koyamba, ndipo akhala pomwepo mpaka madzi adzamuchotse. Akafuna abwere, akapanda kufuna asabwere. Atatero anazimitsa foni.

Kasitima kobiriwira kanabwera kodzaza. Anaima pakhomo, chipumi chili pagalasi, kasitimako kakudutsa pafupi ndi mipanda ya anthu moti ukanatha kuthyola duwa. Kenako nyumba zinatha ndipo nyanja inatseguka, yotuwa, anyamata okwera pamatabwa akuyandama pamafunde ngati abakha. Apo ndi pamene misozi inatuluka. Anaipukuta msanga ndi kuseri kwa dzanja, mokwiya, ngati yamulakwira.

* * *

Anadikira maola awiri. Anagula mpunga wa tinsomba toyera ta shirasu, koma asanadye kawiri mphamba inatsika n'kumulanda, ndipo anaitukwana mawu amene mayi ake sankadziwa kuti amawadziwa. Madzi anali atayamba kukwera m'ming'alu ya miyala pamene anamva mapazi kumbuyo kwake.

Ippei anali atasintha zovala, koma kansalu koyera kaja anaiwala kukachotsa pamutu. Anali wefuwefu, poti masitepe a pachilumbacho ndi mazanamazana ndipo iye anawathamanga onse. Anagwada, kumuvula nkhwaira, n'kuyang'ana zidendene zake nthawi yaitali.

"Wamata mokhota," anatero.

"Ndinalibe wondimata."

Anamatula n'kumatanso bwino, monga amachitira ndi mapazi ake. Ali choweramira choncho ananena kuti funso lija linali lopusa, ndipo analidziwa kupusa kwake asanalitumize. Anati pamene ankakweza kamera ija, ankafuna kuiponya m'ngalande, koma anaopa kuti akatero mayi aja apeza zimene anabwerera. Anati palibe munthu amene anamuchitirapo zimene Chiemi wachita lero, ndipo n'chifukwa chake zinamuopsa.

Chiemi anamuvula kansalu kaja n'kumupukuta nako kumaso. Anakhala pamwala atatsamirana, mafunde akuwaza timadontho, mitambo itang'ambika pang'ono kumadzulo moti phewa limodzi la phiri la Fuji linkaoneka. Anaseka za agogo a makeke aja, ndi za dokotala atakumbatira bulangete ngati mwana wakhanda. Kenako Chiemi anawongoka.

"Mawa ndi Lolemba. Ofesi ya mzinda imatsegula hafu eyiti. Pepala la ukwati limafuna mboni ziwiri zokha, ndipo anzako a ngolo alipo atatu. Tiye tikalembetse."

Ippei anasiya kuseka.

"Ndatopa kupempha chilolezo," anapitiriza Chiemi. "Sindikufuna diresi, sindikufuna zitoliro. Ndikufuna kuti amayi akadzabweranso ndi dokotala wina, adzapeze dzina langa lasintha."

Ippei anayang'ana madzi. Anati asathamange. Anati pali zinthu zina zofunika kuzikonza kaye, zinthu za kwawo ku Iwate, ndipo akufuna amupatse mwezi umodzi kapena iwiri. Chiemi anafunsa kuti zinthu zanji. Iye anati adzamufotokozera bwinobwino tsiku labwino, osati lero pamene onse mitima ili m'mwamba.

Chiemi anaganiza kuti ndi kunyada kwachimuna chabe, kuti akufuna adzalowe pakhomo la mayi ake ndi mutu wokweza. Anamukoka khutu n'kumuuza kuti amupatsa sabata imodzi, osati mwezi. Madzi anafika pamapazi awo, ndipo ananyamuka.

* * *

Aliyense wochoka ku Enoshima amadutsa pamlatho umodzi. Mayi Enomoto ankadziwa zimenezi, ndipo ankamudziwanso mwana wawo. Anali ataima kumapeto kwa mlathowo, dzuwa la madzulo lili kumaso, chikwama chili patsogolo m'manja onse awiri. A Tsujimoto anali chapatali pang'ono, akujambula mabwato.

Chiemi anamva dzanja la Ippei likufuna kuchoka m'dzanja lake, ndipo analigwira molimba. Anayenda molunjika mpaka pamaso pa mayi ake, n'kuwauza kuti uyu ndi Ippei Sawaguchi, poti m'mawa sanapatsidwe mpata womudziwitsa, ndipo sabata yamawa akukalembetsa ukwati.

Mayi Enomoto sanamuyang'ane mwana wawo. Anayang'ana Ippei.

"Sabata yamawa? A Sawaguchi, boma layamba liti kulola munthu kukhala ndi akazi awiri?"

Phokoso la magalimoto pamlatho linamveka ngati lili kutali kwambiri.

"Sindinafune kufika apa," anapitiriza mayiwo, mawu ali phee. "Ndinaganiza kuti ngolo ija ikwanira. Ndinatuma anthu ofufuza, monga amachitira kholo lililonse. Dzina lake ndi Sumika. Anakwatirana zaka zisanu ndi ziwiri zapitazo ku Iwate, ndipo m'kaundula wa boma akadali Mayi Sawaguchi mpaka lero. Ndayankhula naye pafoni. Ndi mtsikana waulemu. Loweruka akubwera kunyumba kudzamwa tiyi."

Chiemi anatembenuka pang'onopang'ono. Ankafuna kuona Ippei akuseka, kapena akupsa mtima, chilichonse. Anamupeza atayera milomo.

"N'zoona?"

"Anachoka zaka zinayi zapitazo. Sitinaonanenso. Pepala losudzulana ndinamutumizira katatu, sanadindepo chidindo chake. Chiemi, ndimafuna ndikonze kaye ndisanakuuze."

"Sindinafunse zimenezo. Ndafunsa ngati n'zoona."

"Papepala, n'zoona."

Chiemi anasiya dzanja lake. Sanalikankhe, anangolitsegula zala n'kulisiya ligwe. Chaka ndi theka. Anakumbukira matuza ake, msewu wa ku Hase, mawu amene anawauza mayi ake pamwamba pa phiri. Manyazi anamutentha kuyambira m'khosi mpaka m'makutu.

Mayi ake anasendera pafupi, ndipo kwa nthawi yoyamba tsiku limenelo mawu awo anali ofewa zenizeni. Anati basi, zatha, apite kunyumba. A Tsujimoto abwera ndi galimoto, ndipo ndi munthu womvetsa, sasunga zinthu kukhosi. Bamboyo anali atayandikira kale, makiyi ali m'manja.

Chiemi anayang'ana makiyiwo, anayang'ana mayi ake, kenako anayang'ana Ippei amene anali ataweramitsa mutu ngati akudikira mlendo akwere.

"A Tsujimoto, zikomo, koma galimoto yanu sindikwera lero, sindidzakweranso tsiku lina. Bodza la munthu uyu silikusandutsani inu mwamuna wanga." Anatembenukira kwa mayi ake. "Mwati Loweruka? Nthawi yanji?"

Mayi Enomoto anazengereza. "Thuu koloko. Koma iwe sukufunika kukhalapo."

"Ndidzakhalapo. Tiyi ndidzathira ndine. Ndikufuna ndimve ndi makutu anga chimene chimamuletsa mkaziyo kudinda pepala zaka zinayi, ndi chimene chamunyamula ulendo wonsewo lero." Kenako anayankhula kwa Ippei, osakweza mawu. "Ndipo iwe udzabwere. Udzavale tayi. Udzakhale pakati pa mkazi wako ndi amayi anga, unene zonse zimene unalephera kundiuza pamwala paja. Ukapanda kubwera, ndidzadziwa kuti amayi amanena zoona kuti ulibe msana woti n'kuudalira."

"Ndidzabwera. Koma ndilole ndikuperekeze, ndikufotokozere."

"Unali ndi chaka ndi theka."

Anawasiya atatuwo ataima pamlatho, palibe woyang'ana mnzake, iye n'kulowera kusiteshoni, nkhwaira zikulira pansi, nsapato zazitali zikulendewera kudzanja. Atadutsa pachipata cha matikiti anayatsa foni yake. Munali uthenga umodzi wochokera kunambala yachilendo, wotumizidwa masana omwewo.

"Ndine Sumika. Ndaona kanema wanu pa intaneti, mukuyenda wopanda nsapato pambali pa mwamuna wanga. Loweruka n'kutali. Ndakwera kale sitima."

Chiemi anawerenga kawiri. Anayankha asanakhale pansi.

"Mukafika pa Yokohama mutulukire khomo la kumadzulo. Ndavala diresi ya buluu. Mwaiona kale."